KUUMA KWA MASO: CHIYAMBI CHAKE, ZIZINDIKIRO NDI CHITHANDIZO CHAKE

Mwezi wa Ogasiti ukafika mu mzinda wa Lilongwe udzu umakhala utauma, mphepo imaulutsa fumbi m'misewu, ndipo madzulo utsi wa moto wa tchire umayala m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Kuchokera nthawi imeneyi kufikira mvula yoyamba, anthu ambiri amayenda akutikita maso. Ena a iwo amakhala atangothobwa ndi fumbi la tsiku limodzi, koma ena amakhala ndi matenda enieni otchedwa kuuma kwa maso. Phunziro la mwezi uno likufotokoza za matenda amenewa.

MAYI WA NTCHITO KU AREA 47

Mayi wina wa zaka 54, wochokera kumudzi wa kufupi ndi Mitundu, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 47. M'mawa amasesa pabwalo, masana amaphika nyemba pa mbaula, madzulo amasita zovala. Kwa miyezi itatu mayiyu anali kumva ngati m'maso mwake muli mchenga. Akaima pamphepo misozi inali kungoyenderera. Sanauze munthu aliyense poopa kuti eni nyumba angamuyese wokalamba ndi kumuchotsa ntchito imene imalipirira adzukulu ake sukulu.

Atapita kwawo pakutha pa mwezi, mnansi wake anamufinyira madzi a masamba m'diso la kumanja. Patapita masiku awiri disolo linatupa, linafiira, ndipo mayiyo sanathenso kuyang'ana kuwala. A pachipatala chaching'ono atamuona anamutumiza msanga ku chipatala cha maso cha Lions SightFirst, pa Kamuzu Central Hospital.

Atamupima, dokotala anati: "Amayi, chilonda chili pa disoli chadza ndi zimene munathiramo. Koma chimene chinayamba kukuvutani poyamba ndicho kuuma kwa maso."

Mayiyo anadabwa nati: "Adokotala, maso anga angaume bwanji pamene misozi ingotuluka tsiku lonse?"

Funso limeneli amafunsa ndi anthu ambiri. Kuti liyankhidwe bwino, nkofunika kudziwa kaye ntchito ya misozi.

NTCHITO YA MISOZI

Misozi si ya pamaliro pokha. Diso lamoyo limakhala lonyowa usana ndi usiku. Munthu amaphethira ka 15 kapena ka 20 pa mphindi imodzi, ndipo nthawi iliyonse akaphethira chikope chimapaka misozi yatsopano pa diso lonse, monga mayi amazira m'nyumba. Misozi imeneyi imatsuka fumbi, imapha tizirombo, ndiponso imasalaza kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso kuti munthu aone bwino.

Misoziyi ili ndi magawo atatu osanjikizana. Gawo la pansi ndi lotelera ngati therere. Limapangidwa ndi kakhungu kopyapyala kamene kamakuta choyera cha diso ndi m'kati mwa zikope, ndipo ntchito yake ndi kugwiriza madzi kuti amatirire pa diso. Gawo la pakati ndi madzi amchere pang'ono, ochokera m'kathumba kamene kali pamwamba pa diso, cha kumbali ya khutu. Gawo la pamwamba ndi mafuta. Mafutawa amatuluka m'timatumba tating'ono tondandalika m'mphepete mwa chikope, kuseri kwa nsidze. Chikope chimodzi chimakhala ndi timatumba totere pakati pa 20 ndi 40. Dokotala wa ku Germany, Heinrich Meibom, ndiye anatifotokoza bwino m'chaka cha 1666. Mafuta amenewa ali ngati chivundikiro cha pamtsuko: amaletsa madzi kuuma msanga.

Misozi yogwira kale ntchito imatsikira m'mphuno kudzera pa timabowo tiwiri tili pangodya ya diso. Ichi ndicho chifukwa chake munthu wolira amamina.

Tsono maso amauma m'njira ziwiri. Mwina kathumba kaja sikapanga madzi okwanira, kapena madzi alipo koma akuuma msanga chifukwa mafuta achepa. Njira yachiwiriyi ndiyo imapezeka kawirikawiri. Diso likauma limayamba kuwawa, ndipo thupi limayankha potulutsa madzi ambiri nthawi imodzi. Madzi otere alibe mafuta okwanira, kotero amangotsikira m'masaya osakhalitsa pa diso. Ili ndilo yankho la funso la mayi uja.

ZIMENE ZIMAYAMBITSA MATENDAWA

Matendawa amapezeka m'maiko onse. Akatswiri a maso atasonkhanitsa zofufuza za maiko osiyanasiyana m'chaka cha 2017, anapeza kuti m'madera ena amagwira anthu 5 mwa 100 alionse, pamene m'madera ena amafika pa theka la anthu. Zoyambitsa zake zazikulu ndi izi:

1. Ukalamba. Munthu akapitirira zaka 50 misozi imayamba kuchepa. Amayi ndiwo amavutika koposa abambo, makamaka akasiya kusamba.

2. Utsi, fumbi ndi mphepo. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Mayi wophikira m'khitchini yopanda zenera, mlimi wosankha fodya m'chigafa, wootcha njerwa, wowamba nsomba, wa kabaza woyenda pa njinga yamoto wopanda magalasi, ndi mlonda woothera moto usiku wonse, onsewa ali pangozi. Kusuta fodya nakonso kumawonjeza vutoli.

3. Kuyang'anitsitsa chinthu chimodzi nthawi yaitali. Munthu akamawerenga, akamasoka, akamayang'ana foni, kompyuta kapena wailesi yakanema, kuphethira kwake kumachepa, nthawi zina ndi theka kapena kuposa. Motero mlembi wa ku Capital Hill wokhala mu ofesi ya makina oziziritsa mpweya angadandaule chimodzimodzi ndi mayi wom'phikira kunyumba. Matendawa sasankha wolemera kapena wosauka.

4. Kutsekeka kwa timatumba ta mafuta. Mphepete mwa zikope mumafiira, pa nsidze pamakhala tinkhanambo tonga mfundu, ndipo mafuta amalimba osatulukanso bwino.

5. Matenda ena a m'thupi, monga shuga, nyamakazi yotupitsa mfundo za zala, matenda a chithokomiro, HIV ndi khate. Khate ndi kufa ziwalo kwa mbali imodzi ya nkhope zimalepheretsa chikope kutseka, choncho diso limagona lili pamtunda. Palinso matenda amene thupi limadziwonongera lokha timatumba ta misozi ndi ta malovu, kotero kuti maso ndi m'kamwa zimauma pamodzi. Anawafotokoza ndi dokotala wa maso wa ku Sweden, Henrik Sjögren, m'chaka cha 1933, ndipo amagwira kwambiri amayi.

6. Mankhwala ena akumwa, monga Piriton, Amitriptyline, ndi ena othamangitsa mkodzo amene amaperekedwa kwa odwala kuthamanga kwa magazi. Komanso anthu owerengeka thupi lawo limadana koopsa ndi mankhwala monga Bactrim kapena Fansidar: khungu limatuluka matuza, m'kamwa ndi m'maso mumachita zilonda. Ameneyo ndi wodwala wofunika kugonekedwa m'chipatala tsiku lomwelo, ndipo akachira maso ake angathe kukhala ouma moyo wake wonse.

7. Zipsera za trakoma. Mu Sepitembala 2022 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti Malawi wagonjetsa trakoma monga vuto la umoyo wa anthu ambiri. Komabe alipo achikulire amene anadwala kale matendawa ndipo anatsala ndi zipsera m'kati mwa zikope. Zipserazo zimaumitsa diso, ndipo zingapinditse nsidze kuti zizikanda kagalasi ka diso.

8. Kusowa kwa Vitamini A, makamaka mwa ana. Mutu umenewu uli ndi gawo lakelake m'munsimu.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Kawirikawiri maso onse awiri amavutika pamodzi. Wodwala amamva ngati muli mchenga kapena kachitsotso kosachoka. Maso amawotcha, amalasa, amafiira pang'ono ndipo amatopa msanga. Zinthu zimaoneka mwa chimbuuzi, koma akaphethira kangapo zimayambanso kuoneka bwino kwa kanthawi. M'mawa zikope zimalemera kapena kumatirira, ndipo nthawi zina pangodya pamapezeka timanthongo toyera totamuka ngati ulusi. Zonsezi zimakula madzulo, pamphepo, pautsi, kapena munthu akawerenga nthawi yaitali.

Nkofunika kusiyanitsa matendawa ndi ena. Matenda a maso opatsirana amayamba mwadzidzidzi, amatulutsa manthongo ambiri achikasu, ndipo amagwira anthu angapo pabanja nthawi imodzi. Kuuma kwa maso sikupatsirana, ndipo kumabwera pang'onopang'ono. Ng'ala siwawa, imangochititsa khungu pang'onopang'ono, ndipo kuphethira sikusintha kanthu. Mwana amene maso ake amayabwa kwambiri ndi kuoneka ofiirira ngati dothi kawirikawiri amakhala kuti thupi lake likudana ndi fumbi kapena mungu wa maluwa, ndipo ayenera kuonedwa ndi a maso.

ZIZINDIKIRO ZOSAYENERA KUGONA NAZO

Munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo ngati diso likupweteka kwambiri, ngati sakutha kuyang'ana kuwala, ngati kuona kwachepa ndipo sikubwerera akaphethira, ngati pa kagalasi ka diso paoneka kadontho koyera, ngati chikope sichitseka, kapena ngati diso labayidwa ndi kanthu monga tsamba la chimanga. Diso louma limakandika msanga, ndipo pokandikapo tizirombo timalowa nkuchita chilonda. Chilonda cha pa kagalasi chingathe kuboola diso m'masiku ochepa, ndipo chikapola chimasiya chipsera choyera chotchinga kuona.

M'MENE ACHIPATALA AMAPIMIRA

Kupima kwake sikupweteka. Dokotala amayamba ndi mafunso: ntchito imene wodwala amagwira, kumene amaphikira, matenda ena amene ali nawo, ndi mankhwala amene akumwa. Chifukwa cha ichi nkwabwino kutenga buku la kuchipatala ndi mankhwala onse, ngakhale ogula pa golosale. Wodwala asabise ngati anathira kanthu m'diso.

Kenaka dokotala amaunika zikope ndi diso pa makina okulitsa zinthu. Amadonthezera utoto wachikasu umene umaonetsa malo okandika ndiponso nthawi imene misozi imakhala isanaphwanyike. Ikaphwanyika masekondi 10 asanakwane, ndiye kuti ikuuma msanga. Njira ina ndi ya kapepala kopyapyala kamene amakoleka pa chikope cha m'munsi kwa mphindi 5. Njirayi anaiyambitsa ndi dokotala wa ku Germany, Otto Schirmer, m'chaka cha 1903. Kapepalako kakanyowa mamilimita osafika 10, misozi ndi yochepa. Osafika 5, ndi yochepa kwambiri.

CHITHANDIZO CHAKE

Kwa anthu ambiri, makamaka achikulire, matendawa sathera pa botolo limodzi la mankhwala. Ali ngati shuga kapena kuthamanga kwa magazi: amafuna kusamalidwa tsiku ndi tsiku. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wodwala wodekha ndi wotsata malangizo amagwira ntchito zake bwinobwino.

Chithandizo choyamba ndi mankhwala odonthezera otchedwa misozi yochita kupanga. Sapha tizirombo, ntchito yake ndi kunyowetsa diso. Kawirikawiri amadonthezera katatu kapena kanayi pa tsiku. Wofuna kudonthezera kochuluka kuposa apa afunse dokotala, pakuti ulipo mtundu wina wopanda mankhwala osungitsa umene uyenera anthu otere. Usiku ena amapatsidwa mankhwala opaka onga mafuta. Amachititsa chimbuuzi, choncho apakidwe pogona.

Kadonthezedwe kake ndi aka: wodwala asambe m'manja ndi sopo, apendeketse mutu chagada, akokere pansi chikope cha m'munsi, adonthezere dontho limodzi osakhudzitsa kamwa la botolo pa diso, kenaka atsinzine kwa mphindi imodzi. Botolo likhale la munthu mmodzi, lisungidwe pamthunzi, ndipo litayidwe pakatha milungu inayi chitsegulireni, pokhapokha achipatala atanena zina.

Chachiwiri ndi kuthowa zikope. Kansalu koyera kaviikidwe m'madzi owiritsa amene atsala ofunda, osati otentha, kafinyidwe, ndi kuikidwa pa maso otsinzina kwa mphindi 5 kufikira 10. Kakazizira kaviikidwenso. Kenaka chikope chisisitidwe pang'onopang'ono ndi chala choyera cholozera ku nsidze, ndipo mphepete mwake mupukutidwe. Kutenthako kumasungunula mafuta olimba. Izi zichitike kamodzi kapena kawiri pa tsiku kwa milungu ingapo.

Chachitatu ndi kuchepetsa zoumitsa maso. Kuphikira panja pamthunzi, kapena m'khitchini ya zenera, ndi nkhuni zouma bwino pa chitetezo mbaula kumachepetsa utsi. Pabwalo pawazidwe madzi pang'ono posesa. Woyenda pa njinga avale magalasi otchinga mphepo. Wogwira ntchito yoyang'anitsitsa apumitse maso pa mphindi 20 zilizonse, poyang'ana chinthu cha patali mamita 6 kwa masekondi 20 ndi kuphethira mwadala. Kumwa madzi okwanira, kugona mokwanira ndi kuleka fodya zimathandizanso.

Matenda akakula, dokotala wa maso ali ndi njira zina: mankhwala ochepetsa kutupa, mapiritsi a Doxycycline amene sayenera amayi apakati ndi ana aang'ono, kutseka timabowo totaya misozi kuti ikhalitse, kapena opaleshoni yokonza chikope chopindika. Ngati chiyambi ndi mankhwala akumwa, wodwala asaleke yekha. Auze amene anamulembera, kuti aone ngati nkutheka kusintha.

ZOYENERA KUPEWA

Safunsa anadya phula. M'diso musalowe madzi a masamba kapena a mizu, mkodzo, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, mchere, mandimu kapena fodya. Zina mwa izi zimawotcha diso, zina zimalowetsa tizirombo. Zofufuza zimene zinachitika m'zipatala za kum'mwera kwa dziko lino ndi kusindikizidwa m'chaka cha 1994 zinasonyeza kuti mwa odwala atatu alionse obwera ndi matenda a kagalasi ka diso, mmodzi anali atathira kale mankhwala achikuda.

Munthu asagule mankhwala a maso pamsika kapena kubwereka a mnzake. Oopsa koposa ndi amene ali ndi Dexamethasone kapena Prednisolone. Amayeretsa diso msanga, koma ogwiritsidwa ntchito popanda dokotala amakulitsa chilonda, amabweretsa ng'ala, ndiponso amakweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kupha mtsempha woonera. Mankhwala opaka a Tetracycline ndi opha tizirombo. Si mankhwala a kuuma kwa maso. Kutikita maso nakonso kumakanda diso louma.

KUUMA KWA MASO MWA ANA

Mwa ana aang'ono kuuma kwa maso kumadza makamaka chifukwa chosowa Vitamini A, ndipo ndi koopsa kuposa kwa akulu. Chizindikiro choyamba ndi kusaona kukayamba mdima: dzuwa likalowa mwana amapunthwa, amaleka kusewera, ndipo amafufuza mbale ndi manja. Kenaka choyera cha diso chimauma ndi kuchita makwinya, ndipo pamaoneka timadontho tonga thovu la sopo. Pomaliza kagalasi ka diso kamafewa ndi kusungunuka, nthawi zina m'masiku awiri okha. Ana odwala chikuku, otsegula m'mimba nthawi yaitali, ndi onyentchera ndiwo ali pangozi yaikulu.

Dziko lino linavutika kwambiri ndi matendawa. M'chaka cha 1983 ofufuza anapima ana oposa 5,000 osakwana zaka 6 m'chigwa cha Shire, ndipo pafupifupi 4 mwa 100 alionse anapezeka ndi zizindikiro zake m'maso. M'chaka cha 2001, ana 59 mwa 100 alionse osafika msinkhu wa sukulu anali osowa Vitamini A m'thupi. Pofika 2009 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 22, ndipo mu 2015 ndi 2016 chinali pafupifupi 4. Zinathandiza ndi makapisozi a kusikelo, katemera wa chikuku, ndi kuthira Vitamini A m'mafuta ophikira ndi mu shuga, kumene kunayamba m'chaka cha 2012 pa shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa.

Phindu limeneli lisatayike. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndi kupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri. Alandire kapisozi wa Vitamini A miyezi 6 iliyonse, kuyambira ali ndi miyezi 6 kufikira zaka 5. Abayidwe katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Adye bonongwe, chisoso, nkhwani, maungu, mapapaya, mango, mbatata yofiira m'kati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, mazira, chiwindi ndi usipa. Ndiwo zamasamba zikhale zotendera nsinjiro kapena zothira mafuta pang'ono, pakuti Vitamini A amalowa bwino m'thupi pamodzi ndi mafuta. Makapisozi a ana asamwedwe ndi mayi woyembekezera, chifukwa mlingo wake ungawononge mwana wosabadwayo.

KUMENE CHITHANDIZO CHIMAPEZEKA

Poyambira ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera kapena pachipatala chaching'ono chapafupi. M'zipatala za maboma muli madokotala othandiza ophunzira za maso. Ambiri a iwo anaphunzitsidwa ku Lilongwe, pa maphunziro amene analimbikitsidwa ndi Dr. Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa maso, amene anamwalira m'chaka cha 2010. Matenda ovuta amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth Central ku Blantyre, Mzuzu Central, Zomba Central, kapena ku chipatala cha mishoni cha Nkhoma.

Mayi wa ku Area 47 uja anafika msanga, kotero diso lake linapulumuka, ngakhale linatsala ndi kachipsera kamene kamachepetsa kuona kwake pang'ono. Tsopano amadonthezera misozi yochita kupanga, amathowa zikope madzulo alionse, ndipo mbaula amayatsira panja. Ntchito yake sinathe. Akanapita kuchipatala mwezi woyamba, ngakhale chipseracho sichikanakhalapo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA SIKELO KAPENA PA GULU

1. Kodi magawo atatu a misozi ndi ati, ndipo mafuta amagwira ntchito yanji?
2. Chifukwa ninji diso louma limatulutsa misozi yambiri?
3. Ndi ntchito ziti za pamudzi pano zimene zimaika anthu pautsi ndi pafumbi, ndipo zingakonzedwe bwanji?
4. Ndi zizindikiro ziti zimene munthu sayenera kugona nazo?
5. Kodi mayi angadziwe bwanji kuti mwana wake akusowa Vitamini A, ndipo ndi zakudya ziti za m'dimba ndi m'munda zimene zingamuteteze?